Lupanga Limene Manda Anakana

Ndinadzuka tambala asanalire, ngati kumeneko n'kudzuka, pakuti tulo take tinali tokhala tsonga, msana uli kukhoma. M'nyumba ya siwa azimayi anali thithithi. Wina anatsamiritsa mutu paphewa panga, wina anapingasa miyendo yake pa yanga mpaka phazi lamanzere linachita dzanzi. Atate anali gone pamphasa pakati pathu, atafunditsidwa bulangete lawo lakale la ku kampu. Kunja amuna ochezera maliro anali atasiya kuimba. Ndinkangomva wina akutsokomola, ndi chitsa chikuthetheka pamoto.

Ana a atate ndinatsala ndekha. Amayi ndi achimwene anga tinawasiya m'manda a ku kampu ya othawa nkhondo ku Zambia. Choncho malo anga tsiku limenelo anali kumutu kwa maliro, osatuluka, osakweza mawu. Ngakhale popita kuseri ankandiperekeza azimayi awiri, wina kuno wina kuno, atandigwira mikono ngati ndithawa. Mwina ankadziwa.

Kuno ku Mualadzi dzina lenileni la atate ambiri sankalidziwa. Ankangoti a Kamphepo, dzina la mnyamata wa m'kanema. Atate ankaonetsa akanema akale a Amwenye, ena opanda ndi mitundu yomwe, akuda ndi oyera basi: amuna a ndevu zopota, akavalo, malupanga, nyumba zachifumu za masitepe osatha. Anayamba tili ku kampu, ndi wailesi yakanema yobwereka ndi batire ya galimoto. Mtendere utabwera, anzathu anakweza mbuzi ndi malata m'malole obwerera kwathu. Ife tinakweza kanema, jenereta ndi katoni ya matepi, ine nditaikumbatira njira yonse kuti isalowe fumbi.

Kanema amene ankamukonda kwambiri anali naye m'matepi atatu. Nkhani yomweyo, mnyamata yemweyo wophimba kumaso, chingwe chomwecho cholendewera nacho kuchoka pakhonde lam'mwamba kukagwera pakati pa asilikali, koma zinenero zosiyana: Chihindi, Chitamili ndi Chitelugu. Mu tepi imodzi mwana wamkazi wa mfumu anali wina, wonenepako pang'ono, ndipo anthu ankakangana kuti wokongola ndi uti. Mmwenye amene anawagulitsa matepiwo ku Katete ananena yekha kuti iye amamva chinenero chimodzi chokha. Atate sankamva ngakhale chimodzi. Ankaima pambali pa kanemayo ndi lupanga lawo la thabwa la mlombwa, lopaka penti yasiliva, n'kumanena zonse m'Chinyanja, mawu a mfumu, a mfumukazi, ngakhale a kavalo akafuna. Munthu akawafunsa kuti akudziwa bwanji, ankati eni ake anamupatsa kanemayo malilime atatu, lachinayi ndi lawo.

Ine ndinakulira kumapazi awo. Kuliza jenereta ndine, kupukuta mutu wa makina ndi kansalu konyika m'kachasu ndine, kubweza tepi ndi chigwiriro cha supuni kuti tisawononge petulo ndinenso. Maso awo atayamba kuchita ng'ala ndinkakhala pansi n'kumawatsina kachidendene, kuti adziwe kuti Kamphepo walowa kapena kuti asilikali afika. Miyezi yomaliza, chifuwa chikawadula pakati, ndinkawanong'oneza mawu otsatira. Anthu ankaona a Kamphepo okha. Ine ndinali chitsa chimene chili pafupi ndi mwendo wawo.

Anzanga amene tinabwerera nawo anakwatiwa, ana awo anayamba sukulu. Ine ndikati ndiyankhule za banja, atate ankati, "Dikirani mvula ithe, mayi." Mvula ikatha ankati tidikire tikolole. Wondifuna analipo, a Zakeyo, mmisiri wa matabwa amene tinakulira limodzi ku kampu, tsopano akugwira ntchito ku Tete. Sabata yomweyo ya maliro anali atabwera pa lole ya mnzawo yopita ku fulontera, malire a Zambia, ku Cassacatiza, kudzafunsa komaliza. Atate anawayankha zomwezo za mvula. Mawa lake usiku anafera m'chisakasa cha kanema, mmene ankagona polondera makina, tepi ili pakati.

Kutayamba kuyera ndinamva nyundo kuseri kwa nkhokwe. Ndinadziwa kuti ndi a Zakeyo akukhoma bokosi, pakuti amakhoma kawiri n'kupuma, kawiri n'kupuma. Utsi wa moto wa azimayi ophika unayamba kulowa pansi pa denga. Ndinkamva migolo ikugubuduzika kuchokera kumjigo, nkhuni zikuwazidwa, mayi wina akukalipira atsikana kuti nyemba zimenezo ziphikidwa chaka chino kapena cha mawa. Pakhomo ndinkaona kachigawo kokha ka bwalo, kukula kwake ngati lichero: miyendo ya anthu, matayala a njinga, galu akuthamangitsidwa.

Anthu anabwera, abale inu! Sindinadziwe kuti atate ankadziwika chotere. Ena anatsika m'malole a kumsewu, ena anapalasa njinga usiku wonse kuchokera kumbali ya Chifunde, ena anaoloka kuchokera ku Zambia wapansi. Obwerera ku kampu unkawazindikira polira, pakuti sankati atate, sankati malume, ankati "Kamphepo wathu." Ankalowa m'magulu, kugwada, kulira, kutuluka, gulu lina n'kulowa. Aliyense potuluka ankandigwira dzanja n'kunena kanthu. Mayi wina wa mano awiri anati tsiku limene anaika mwana wake ku kampu, madzulo ake anapita kukanema chifukwa analibe kwina kopita. Bambo wina wa mwendo umodzi anangokweza ndodo yake ngati lupanga n'kuitsitsa.

Dzuwa litakwera kunja kunatentha koopsa, monga zimachitira mvula ikayandikira. Mitambo inaunjikana kumapiri koma mphepo kunalibe ngakhale yogwedeza tsamba. M'nyumbamo munali fungo la thukuta, la parafini ndi la masamba amene anaika pansi pa mphasa. Ndinkapuma ndi pakamwa. Ndikasuntha pang'ono, azakhali anga, mlongo wa atate, ankandikanikiza bondo kuti ndikhale bwino.

Kuseri kwa khoma limene ndinatsamira ndi kumene kunakhala akuluakulu a kwa atate, ndipo ndinkamva zonse. Wotsogolera anali atate aang'ono, mng'ono wawo wa atate. Iwo nkhondo yonse sanathawe, anabisala kumapiri, ndipo m'chisakasa cha kanema anali asanapondemo phazi. Ankati n'zibwana za anthu amene anadya ufa waulere. Ananena mosazungulira. Nyumba imene munthu wafera imagwetsedwa, chisakasacho chigwe tikameta. Makina apite kwa amene angawafune. Chinthu chimene mwini wake sankasiyana nacho chipite naye, kuopa angamabwere usiku kudzachifuna, ndiye lupangalo lilowe m'manda. Wina anadandaula kuti nanga anthu aziona chiyani madzulo. Atate aang'ono anati aziona akazi awo.

Ndinene zoona, mtima wanga unadumpha ndi chimwemwe, atate ali gone pafupi ndi bondo langa. Ndinawakonda atate, ndipo mpaka lero ndimawalira. Koma ndinali nditatopa. Ndinkafuna khomo langa, mbale zanga, mwana wanga kumsana, ndi makutu opanda phokoso la jenereta. Ndinaphimba nkhope ndi chitenje kuti azakhali asaone, ndipo iwo anayesa ndikulira, nandisisita msana.

Bokosi linalowa chakumasana, adzukulu atanyamula, a Zakeyo ali pambuyo ndi nyundo. Adzukulu kwathu kuno ndi anthu okumba manda ndi kuika maliro. Tsiku limenelo iwo ndiwo eni zonse. Akhoza kugwira nkhuku ya aliyense, akhoza kuseka pamene ena akulira, ndipo kumanda mawu awo sawabweza munthu. A Zakeyo anagwada patsogolo panga monga opepesa onse, utuchi uli m'tsitsi, nayankhula pansipansi.

"Pepani, a Rozina. Lole yobwerera ku Tete inyamuka dzuwa likamalowa. Mukangondigwedezera mutu, ankhoswe abwera mukameta. Mukapanda kutero, sindidzakuvutitsaninso."

Ndikanagwedeza pomwepo. Koma azakhali anali tcheru, ndipo ndinachita manyazi kuvomera ukwati pamutu pa maliro. Ndinati mumtima, ndikagwedeza pobwera kumanda, lupanga litakwiririka. Bwenzi nditagwedeza pomwepo ine!

Tinanyamuka titadya. Atate aang'ono analowa okha m'chisakasa, kwa nthawi yoyamba m'moyo wawo, natuluka ndi lupanga atalipana ndi zala ziwiri ngati khoswe wakufa. Anandipatsa ine kuti ndinyamule, popeza ndine mwana. Patsogolo panali bokosi, kenako azimayi a kutchalitchi kwa azakhali akuimba, kenako ife, kenako khamu limene mapeto ake sindinawaone. Fumbi linakwera n'kungoima m'mwamba. Tinadutsa m'minda yosalima, mapesi akuthyoka kumapazi, tinadutsa sitolo yakale yopanda denga imene makoma ake akadali ndi mabowo a zipolopolo. Azimayi awiri aja anandigwirabe mikono. Lupangalo linali lopepuka, chigwiriro chake chosalala ndi chakuda chifukwa cha dzanja la atate. Njira yonse ndinkaliuza mumtima kuti lero ukagona.

Kumanda kunali mthunzi koma kunali chifundizi. Mkulu wa tchalitchi anapemphera mwachidule. Bokosi linatsika, adzukulu awiri ali pansi kulilandira. Atate aang'ono anandikodola kuti ndibweretse lupanga. Ndinayenda, ndinatambasula dzanja. Pamenepo mdzukulu wina wamtali, wa mpata kumano, anatulukira m'mbali nalitsomphola.

Ndiwo mwambo wake, palibe anadabwa. Adzukulu amatsanzira womwalira kuti anthu aseke kamodzi asanamukwirire. Uyu anali atavala jekete la atate ndi magalasi awo akuda, kaya anazitenga nthawi yanji. Anadumphira pamulu wa dothi, natsokomola monga atate, nakanda m'mimba ndi nsonga ya lupanga monga atate. Anthu anaseka misozi ili m'masaya. Inenso ndinamwetulira. Mnzake anadzikulunga thumba pamimba kukhala nduna yoipa ya m'kanema imene atate ankaitcha Chimimba, ndipo anamenyana mozungulira manda, wina ndi lupanga wina ndi mpini wa khasu.

Kenako anafika pamalo amene aliyense ankawadziwa. M'kanemamo Kamphepo ndi mwana wa mfumu amene anamuthawitsa ali khanda, ndunayo italanda dziko. Amakulira kutchire kwa eni, ndipo pomaliza amabwerera, n'kuima yekha pachipata cha mzinda, n'kuvula chophimba kumaso. Chimene Mmwenye wa m'kanemayo amanena pamenepo sindichidziwa, m'zinenero zonse zitatu. Ndimadziwa chimene atate ankanena, usiku ndi usiku, kuyambira ku kampu.

Mdzukulu uja anakweza lupanga nakuwa kuti, "Ndipatseni mpando wanga, agalu inu, ndisanakuduleni makosi!"

Ha! Ine mtima wanga ndi wapachala, amene amandidziwa amadziwa. Atate sananenepo zimenezo ngakhale tsiku limodzi. Kamphepo wa atate sankatukwana, ndipo za mpando analibe nazo ntchito. Munthu wavala jekete lawo, wavala magalasi awo, pa manda awo enieni, n'kuwaika m'kamwa mawu a chidakwa? Sindikumbukira kuti azimayi aja ndinawapulumuka bwanji. Ndinangopezeka ndili pamulu wa dothi, lupanga lili m'dzanja langa, ndipo pakamwa panga patatseguka kale.

"Sindinabwerere mpando ine. Ndabwera kudzaona ngati mtengo wa mango umene anabzala amayi ukadalipo, ndiponso ngati chitsime chathu chikadali ndi madzi. Ndagona mokwanira pamphasa za eni. Inu a pachipata, tsegulani!"

Mawuwo sanatuluke ngati anga. Anatuluka okhuthala, okoka pamalo pamene atate ankakoka, opuma pamene iwo ankapuma, pakuti ndi ine ndinkawerengera mpweya wawo zaka zonsezo. Ndipo khamu lonse, monga linkachitira m'chisakasa, linayankha kamodzi:

"Tsegulani!"

Mbalame zinabalalika m'mitengo. Kenako kulira kunabuka, kosiyana ndi kwa m'mawa kuja, kulira kwa amuna akuluakulu osabisa nkhope. Bambo wa mwendo umodzi uja anakhala pansi. Mayi wa mano awiri ankangobwereza kuti sanapite, sanapite. Ndinayang'ana atate aang'ono kuti andikalipire, ndipo ndinkafunitsitsa kuti andikalipire. Koma anangoima chilili. Mtengo wa mango wa agogo iwo ndiwo anaudula nthawi ya nkhondo, kuti asilikali asamaone pamene panali mudzi. Mawu amenewa anali asanawamvepo.

Pamenepo m'pamene ndinazindikira chimene ndachita. Ndinatsika msanga pamulupo, ndinagwada m'mphepete mwa manda, ndinatambasulira lupanga mdzukulu amene anali pansi, bambo wachikulire wa dothi mpaka m'nsidze. Anandiyang'ana, nayang'ana lupanga, naika manja kumbuyo.

"Landirani, agogo," ndinatero. "N'la atate ili."

"Kuno kulibe malo ake, mayi. Lapeza kale mwini wake."

Ndinachonderera. Ndinati akuluakulu anagamula m'mawa, ndinati atate azidzabwera kudzalifuna. Iye anati akabwera adzalipeza lili pantchito, sadzakwiya. Ndinafuna kungoliponya, koma wamtali uja anandigwira dzanja, osaseka tsopano, nati chinthu chimene manda akana sachiponyamo. Ndinatembenukira kwa atate aang'ono. Iwo anapukuta nkhope ndi chipewa, nati kumanda kuno iwo alibe mawu. Kenako anawonjezera, osandiyang'ana, kuti chisakasa chija tingochotsa denga lakale n'kufolera lina, mwambo ukhala wakwanira.

Anandipatsa dothi kuti ndiponye. Ndinaponya ndi dzanja lamanzere chifukwa lamanja linali ndi lupanga. Makasu anayamba. Ndinaima pomwepo mpaka mtumbira unakwera, ndipo azimayi aja sanandigwirenso mikono, pakuti kunalibe kumene ndikanapita.

Pobwerera tinasamba m'manja ndi kumaso madzi a mankhwala amene anaika pamphambano. Anthu amene m'mawa ankandipatsa dzanja monga mwana wamasiye tsopano ankandipatukira njira. Wina ananditcha Nakamphepo, ndipo pofika kunyumba dzinalo linali litandipitirira kale. Mitambo ija inagunda kangapo kumapiri, osagwetsa ngakhale dontho.

A Zakeyo ndinawapeza kuseri kwa nkhokwe akumanga zipangizo zawo m'thumba. Dzuwa linali litafiira. Sindinasamale za azakhali, ndinapita ndekha. Kumanda kuja ndinawaona, anaima pansi pa mtengo wa msuku, ndipo pamene khamu linayankha, pakamwa pawo panatsegukanso.

"A Zakeyo, ndabwera kudzagwedeza mutu."

Anamanga chingwe cha thumba, nachimasula, nachimanganso.

"Yankho ndalimva kumanda, a Rozina."

"Sindinali kuyankha inu. Anandipsetsa mtima munthu uja."

"Ndikudziwa. Koma ine ndikakutengani, njira iyi ndidzadutsa bwanji? Ndipo inu ku Tete, madzulo akamakwana, muzidzakhala pati?"

Ndinafuna kunena kuti ndizidzakhala pakhomo panga, kusenda nyemba ngati akazi onse. Ndinafuna kuwatukwana kuti amuna inu mumadikira zaka, tsiku lomaliza n'kuchita mantha ndi thabwa lopaka penti. Koma anali kuyang'ana dzanja langa, ndipo nditayang'ana inenso ndinaona kuti lupanga lija ndinali ndisanalitule chichokereni kumanda. Lole inaliza hutala kumsewu. A Zakeyo anandigwira dzanja lamanzere ndi manja awo onse awiri, nati nditsale bwino.

Madzulo pakhomo panali zii. Anthu akutali anali atapita, moto wophikira unasanduka phulusa, mafuwa ali mbwee pabwalo. Azakhali ndi azimayi otsalira kudikira kumeta anagona msanga m'nyumba, mphasa ya atate itachotsedwa, pakati pali malo amene aliyense ankawalambalala. Ine m'nyumbamo munandikanika. Ndinatuluka, ndipo palibe anandiperekeza.

Pakhomo pa chisakasa ndinapunthwa pa chinthu. Anali mabotolo, atandandalikidwa m'mbali mwa khoma, ena a fanta, ena a mafuta ophikira, otseka ndi zitsononkho. Ndinatsegula limodzi ndi kununkhiza. Petulo. Amene anasiya sindikuwadziwa, palibe ananena.

Ndinalowa. Mabenchi anali mmene tinawasiyira. Ndinatsamiritsa lupanga pakhoma pamene linkakhala, ndinakhala pansi pamalo anga akale, pafupi ndi pamene pankaima mwendo wa atate. Kutali kumsewu lole ija, itachedwa kunyamuka, inasintha giya pokwera chitunda, phokoso lake n'kumachepa. Tepi ija inali pamwamba pa makina, pamene anaitulutsa atate usiku wawo womaliza, ili pakati. Ndinamvetsera mpaka lole inaleka kumveka. Nditayang'ana pansi, supuni inali kale m'dzanja langa, ndipo ndinali nditayamba kubweza.